Amalume sanaseke ku Melville: kodi nthabwala zanzeru ndi za ophunzira okha?

Chisomo (Braamfontein): Mwaswera bwanji nonse. Pali kanthu kakundidya mumtima chiyambire Loweruka. Ndinatenga amalume anga kukaonera timasewero toseketsa pamalo ena ku Melville, kuno ku Joni. Anali anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi, kasewero kalikonse mphindi zisanu, magetsi thii, kenako kena. Tiketi R180 munthu mmodzi, ndinalipira ndine. Kamene kanandipha ine n'koti anakhazikitsa bwalo lofufuza amene anamaliza mkaka mufuliji, potengera komishoni ya Zondo ija yofufuza za katangale m'boma la South Africa. Mboni ikufunsidwa ngati inatsegula fuliji, iyo n'kumati iyambe yakambirana kaye ndi loya wake. Ine misozi mbwee. Amalume phee, chipewa pabondo. Tili m'galimoto pobwerera anangoti, "Izi ndi zanu ophunzira." Sanawonjezerepo. Ndiye ndifunse: nthabwala yofuna kuti munthu akhale atadziwa kaye zinazake ndi tsankho? Ngati ndi tsankho, n'loipa?

Mada wa Uber: Kkkkk R360 yathunthu kuti madala akakhale ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa. Achemwali, mukanangowagulira bandulo n'kuwaikira Izeki ndi Jakobo pa YouTube, bwenzi pano akukudalitsani.

Nabanda wa saluni: Ine sindipsatira. Ndi tsankho. Kusaluni kwanga ku Yeoville kumabwera Amalawi, a ku Congo, a ku Zimbabwe, a ku Nigeria, aliyense ndi chilankhulo chake. Ndikaika Mr Bean onse amaseka, ngakhale mwana amene akulira chifukwa chokokedwa tsitsi amasiya. Nthabwala yoti uyambe wakhala ku yunivesite zaka zinayi kuti uimve, amenewo ndi mayeso, ndipo mayeso tinawasiya kumudzi.

aPhiri a ku Rosettenville: Anabanda, mwadziwombera nokha kuphazi. Mr Bean ameneyo dzina lake ndi Rowan Atkinson, ndipo anaphunzira za magetsi mpaka ku Oxford. Kuti munthu akuseketseni mphindi khumi osatulutsa liwu, pamenepo pagona nzeru zoposa za amene akukuwerengerani mayina a m'mabuku.

Ndiloleni nditalikitseko. Ine ndinaphunzitsa Chingerezi zaka 14 kwathu ndisanabwere kuno kudzalondera pageti, ndiye usiku nthawi yoonera zinthu ndili nayo yambiri. Ku Britain kunali gulu lotchedwa Monty Python, linayamba kuoneka pa BBC mu 1969. Mwa anthu asanu ndi mmodzi, atatu anachokera ku Cambridge, awiri ku Oxford, winayo wa ku America. Mpaka lero anzawo amawanena kuti nthabwala zawo n'za ana a sukulu zapamwamba. Koma taonani kasewero kawo kena: mpira wa pakati pa anthu oganiza mozama a ku Greece ndi a ku Germany. Wenzulo ikulira, palibe womenya mpira. Onse angoyendayenda m'bwalo, dzanja pachibwano, akuganiza, mpira uli pakati phee. Mpaka chakumapeto Archimedes ndiye akutulukira kuti mpirawu ndi womenya, Socrates n'kugoletsa ndi mutu. Ndinamuonetsa mnzanga wolondera naye, wa ku Giyani, sanamvepo za Socrates chibadwire. Anaseka mpaka kukhala pansi, akuti akuona makomiti a kutchalitchi kwawo. Ine ndinaseka zina, iye anaseka zina, tonse tinakhuta.

Mada wa Uber: Aphunzitsi ayamba, tulutsani makope.

Nabanda wa saluni: aPhiri, mukundithandiza ine osadziwa. Kameneko ndi kabwino chifukwa kali ndi khomo la aliyense. Ine ndikunena zija zopanda khomo. Ndipo chimene chimandinyansa kwenikweni si a pasiteji ayi, ndi oonera. Mumakudziwa kuseka kwa m'mphuno kuja? Munthu sakuseka chifukwa chamukoma, akuti "hm hm hm" uku akutembenuka kuti anzake amuone kuti iye wamva. Ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Parkhurst zaka zitatu, kuseka kumeneko ndinakumva kokwanira ndikutolera mbale.

Yamikani (Cosmo City): Apa mayi mwalasa. Koma ndiye vuto ndi anthu odzimva, osati sewerolo. Odzimva ali paliponse, ngakhale kumpira.

Mbewe wa ku Dedza: Ndakhala ndikungowerenga. Inu mukuyankhula ngati nthabwala zokhala ndi mpanda zinabwera ndi azungu. Kwathu gule akatuluka pabwalo, mudzi wonse umaonera, alendo omwe. Simoni akatuluka ndi nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, mwana amaseka, mlendo amaseka. Koma nyimbo imene amayi akuyimba pamenepo ili ndi pansi pake. Wometa akumva zina, wosameta akumva zina, ndipo wometa sadzakuuzani. Ine pano sindikuuzaninso, musandifunse kkkk. Nanga mpanda woposa pamenepo ulipo? UNESCO inauzindikira gule mu 2005, palibe ananena kuti a kudambwe ndi odzikweza. Ngakhale agogo anu akamakambirana pakhonde ana ali pomwepo, amalowa m'zining'a n'kumaseka okha. Mumati agogo ali ndi tsankho?

Chisomo (Braamfontein): Achimwene a Mbewe, apa ndiye mwandipepuza mtima.

Nabanda wa saluni: Musapepukidwe msanga. Mwana wa pakhondepo akakula adzazimva zining'azo, salipira. Kudambwe mnyamata wa m'mudzimo, wolemera kaya wosauka, amalowa. Nanga mpanda wa ku Melville amalume alowera pati? Abwerere ku Standade 5 ali ndi imvi?

Mbewe wa ku Dedza: Akazi salowa kudambwe, mayi. Ndingokukumbutsani, popeza mwauyamikira.

Nabanda wa saluni: Ndiye mwaonjezera mlandu wina, simunachotse woyambawo.

aPhiri a ku Rosettenville: Pali china chimene achinyamata simukuchidziwa. Nthawi ya Kamuzu kuzungulira nkhani sikunali kudzionetsera, kunali kudziteteza. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linabwera mu 1968, sewero lililonse limayenera kudutsa m'manja mwa akuluakulu aja lisanaonetsedwe. Ndiye wolemba amabisa nkhani mwa kalulu, mwa bilimankhwe, mwa mfumu ya m'nthano, kuti wounika adutse osaona koma woonera amve. Jack Mapanje anabisa chomwecho m'ndakatulo, komabe anam'tola mu 1987, anakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Kunonso n'chimodzimodzi: Market Theatre ya ku Newtown inatsegulidwa mu 1976, ndipo anthu ankaseka boma la tsankho m'menemo pomwe panja sukanayerekeza. Mukati nthabwala zonse zikhale zoti aliyense amve nthawi yomweyo, dziwani kuti wapolisinso ndi aliyense.

Yamikani (Cosmo City): Zoona madala, koma a ku Melville aja akubisala kwa ndani? Zondo anapereka malipoti ake mu 2022, nkhani zake zinali pa TV tsiku ndi tsiku. Palibe akuwathamangitsa.

aPhiri a ku Rosettenville: Pamenepo ndavomera, mphwanga.

Nyagondwe (Randburg): Ndikuona mukuika Chingerezi mbali ya mabwana, Chichewa mbali ya anthu wamba. Kwa ife a ku Rumphi sizinali choncho. Chaka chomwecho cha 1968 chimene aPhiri atchula, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC. Agogo anga ankakhala pafupi ndi wailesi nthawi ya Kapalepale, ife ana a sukulu tikuseka, iwo akungotiyang'ana ngati mmene amalume a Chisomo amayang'anira a pasiteji aja. Kwa iwo Chichewa ndiye chinali chilankhulo cha apamwamba. Ndipo Mtumbuka akaoneka m'sewero, ntchito yake inali kulakwitsa Chichewa kuti holo igwe.

Che Jafali (Mayfair): Alongo mwanena. Ife Ayao ndiye musanene. Munthu akangovala kofia n'kuyamba "ambuje" basi anthu agwa kale, sanayambe n'komwe kunena choseketsa. Zimenezo aliyense amamva, sizifuna sukulu. Ndiye poti aliyense akumva, zabwino? Ine bola ya mkaka wa mufuliji, sinditukwanidwamo.

Mada wa Uber: Che Jafali musakwiye, timakukondani. Suti yanga ija yatha?

Che Jafali (Mayfair): Malizani kaye ya thalauza.

Yamikani (Cosmo City): Kkkkk. Ine ndibwerere kwa Izeki ndi Jakobo poti Mada anawatchula ngati zinthu zophweka. Mulungu awalandire onse awiri, John Nyanga anatisiya mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Anthu aja sanali ophweka. Mverani bwino mmene Izeki amapotozera mawu a Jakobo, mnzake akunena china iye n'kugwira tanthauzo lachiwiri la liwu lomwelo n'kuthawa nalo. Mzungu amene waphunzira Chichewa zaka ziwiri sangatolepo kanthu. Mwana wanga wobadwira kuno, amene Chizulu chili bwino kuposa Chichewa, amangondiyang'ana ndikamagubuduka. Kwa iye ine ndiye wa gulu la apamwamba. Kungoti nzeru zikakhala m'Chichewa sitizitcha nzeru, timati "zoseketsa basi". Zikakhala m'Chingerezi ndiye timavula chipewa.

aPhiri a ku Rosettenville: Matenda amenewo ndi akale. Kamuzu pamsonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, ana kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ife kusukulu kwathu ukagwidwa ukuyankhula Chichewa umavekedwa chigoba cha nkhono m'khosi mpaka utagwira mnzako. Ndikuvomera pano kuti nanenso ndili mphunzitsi ndinavekapo ana. Mipikisano ya zisudzo ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, inali ya m'Chingerezi. Ndiye ku Blantyre kunali magulu awiri otchuka: Kwathu ya Chichewa, ndi Wakhumbata imene Du Chisiza Jr anayambitsa mu 1987, yambiri ya m'Chingerezi. Onse ankadzaza French Cultural Centre. Koma mnyamata wofuna kugometsa chibwenzi amadziwa kopita nacho. Ena mwa iwo theka la mawu a Du silimawalowa, amangodikira pamene anzawo ayambire kuwomba m'manja.

Nabanda wa saluni: Ndi zimene ndikunena ine kuyambira m'mawa.

aPhiri a ku Rosettenville: Koma ena mwa omwewo anapita kukafufuza mawuwo mudikishonale, mayi. Ine ndine mmodzi. Sewero likakupitirira pang'ono limakukoka. Mukafuna kuti zonse zitsike zifike pamene pali munthu wotsikitsitsa, mukumunyozanso munthuyo, mukuti sangakwere.

Nyagondwe (Randburg): "Wotsikitsitsa" ndiye ndani pagulu pano, aphunzitsi?

aPhiri a ku Rosettenville: Lilime laterereka, alongo. Pepani. Ndimati amene sanapeze mwayi wa sukulu.

Mada wa Uber: Mwaona? Tsankho lake ndi limeneli, limatuluka lokha ngati chikhosomo kkkk.

Yamikani (Cosmo City): Kunena zoona mpanda waukulu ine ndimauona pa ndalama ndi malo. Sewero liyamba 8 koloko usiku ku Melville kapena ku Rosebank, litha cha m'ma 10. Wa ku Diepsloot abwerera bwanji, matekisi atasiya kale? Tiketi, chakumwa, galimoto yobwerera, ndi malipiro a masiku awiri a munthu wa maganyu. Pure Monate Show ya David Kau ndi Kagiso Lediga inali pa SABC1, timasewero takuthwa ndithu, ndipo anthu a m'malokeshoni ankaonera ulere. Loyiso Gola ankaseka andale pa Late Nite News, ya pa e.tv, osatsitsa nzeru. Trevor Noah wakulira ku Soweto, amalumpha kuchoka Chixhosa kupita Chizulu kupita Chiafrikaans, ndipo pamenepo mzungu wa ku Sandton ndiye amatsalira. Wathu Daliso Chaponda anafika nambala 3 pa Britain's Got Talent mu 2017, koma kumudzi amamudziwa ndi angati poyerekeza ndi Winiko kapena Manganya?

Mbewe wa ku Dedza: Manganya amene uja mpaka anakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024. Anthu ankamuona ngati wa m'mudzi mnzawo pa Tikuferanji, kumeneko munthu ali ndi masukulu ake.

Che Jafali (Mayfair): Funso kwa mwini nkhani. Chisomo, timasewero tonse tinali ta mkaka? Panalibe kena?

Chisomo (Braamfontein): Tinalipo tambiri. Kena ka mzere wa kuofesi ya mapepala, kopanda mawu. Kena ka aphunzitsi a ku yunivesite akukangana tanthauzo la liwu limodzi nyumba ikupsa. Ndiye panali kena ka dona ndi wantchito wake wa m'dimba. Donayo akuuza alendo ake kuti "wathuyu ndi wa ku Malawi, ndi okhulupirika kwambiri anthu amenewa, ali ngati wa m'banja mwathu", koma dzina lake akulilakwitsa katatu konse. Amaseka donayo, osati wantchitoyo.

Nabanda wa saluni: Chisomo. Amalume ako amagwira ntchito yanji?

Chisomo (Braamfontein): Ya m'dimba. Ku Northcliff.

Nabanda wa saluni: Ndiye wayamba ndi mkaka, ichi wachisiya kumapeto?

Mada wa Uber: Eeeh. Ine ndatuluka kaye, ndili ndi kasitomala ku OR Tambo.

Chisomo (Braamfontein): Koma kanali kumbali yathu! Kamaonetsa chinyengo cha madona. Ndinawafotokozera amalume pomwepo kuti akuseka mzunguyo.

Kondwani (woyang'anira gulu): Achemwali, mwina mwaiwala kuti amalume anu ali pagulu pano. Ndinawalowetsa ndine chaka chatha pa nkhani ya zopereka za maliro. Ndikuona awerenga zonse.

Chisomo (Braamfontein): Mayo ine.

Bambo a Tadala: Ndawerenga. Ndimadikira ndiweruke, komanso zala zanga pafoni n'zochedwa, ndiye mupirire.

Chisomo mwanangu, sindinakwiye, ndipo ndalama yako sinapite pachabe. Koma wandinamizira pang'ono pagulu. Za Zondo ndikuzidziwa kukuposa. Nthawi imene ija iwe unali ku sekondale kumudzi, ine ndimadula mpanda wa maluwa wailesi ili m'thumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mboni zonse zija ndinazimva, za Bosasa, za a Gupta, zonse. Ka mkaka kaja kanandikoma. Mnyamata amene anakhala wapampando uja anam'tengera ndithu mkulu uja, mpaka kaseka kake ka pansipansi. Ndimati ndiseke, iwe uli kale kukhutu kwanga, "amalume, apa akutanthauza komishoni ija." Kachiwiri, "amalume, loya ndiye kuti woimira mlandu." Ine zaka 19 ndili mu Joni, loya ndisamudziwe? Munthu sungaseke wina akukutafunira. Ndipo amene anakhala kutsogolo kwathu aja anayamba kutembenuka kuona kuti akumasuliridwayo ndani.

Ka aphunzitsi okangana nyumba ikupsa kaja, zoona, kanandidutsa. Amathamanga kwambiri ndipo mawu ake sindiwadziwa. Sizinandipweteke. Ngakhale kutchalitchi sikuti ulaliki wonse umalowa.

Ka m'dimba kaja ndiye kena. Ndinamva kuti akuseka dona, sindine mwana. Mawu amene aja ndinauzidwapo enieni, alendo ali pakhonde ine nditagwira payipi. Koma taganiza. M'chipinda monse muja, wa m'dimba ndinalimo ndekha. Amene amaseka kwambiri aja ndi ana a madona omwewo, mwina ena ndi madona enieni. Aseka, atsuka mtima, Lolemba akalakwitsanso dzina la wantchito wawo. Ndiye mnyamata amene amasewera ngati Mmalawi uja sanapatsidwe liwu ngakhale limodzi, amangogwedeza mutu ndi kumwetulira. Nzeru zonse anapatsa dona, ngakhale zopusa zake zinali zokonzedwa bwino. Akanandifunsa ine ndikanawauza zimene timanena ife tikakumana pa sitolo nthawi ya nkhomaliro, mmene timawatchulira mabwana athu mayina, bwenzi anthu aja atagwa m'mipando. Kapena bwenzi atatuluka, kaya.

Pamene ndinati "izi ndi zanu ophunzira" ndimanena zimenezo. Ka mzere wa mapepala kaja ndinaseka ndithu, sunandione chifukwa unali kupukuta misozi. Munthu uja atafika kutsogolo zenera n'kutsekedwa, ndinakumbuka tsiku lina ndinafika 4 koloko m'mawa n'kubwerera chimanjamanja.

Nyagondwe (Randburg): Bambo, mwandiliza ndili m'tekisi.

Chisomo (Braamfontein): Amalume pepani. Ndimaona ngati ndikukuthandizani. Ndachita manyazi kwambiri.

Bambo a Tadala: Usachite manyazi, wakutsina khutu ndi mnansi. Amayi ako sindiwauza.

aPhiri a ku Rosettenville: Achimwene, ine ndiye ndagwa nazo. Tsiku lonse takhala tikukangana ngati munamva kapena simunamve, osakufunsani. Komabe pa mfundo yanga sindisuntha: anyamata aja asasiye kulemba zakuthwa. Angowonjezera kumvetsera.

Nabanda wa saluni: Inenso sindisuntha. Chipinda chimene wa m'dimba alimo mmodzi yekha, ndipo walowa chifukwa mdzukulu wamulipirira, musandiuze kuti chilibe tsankho.

Bambo a Tadala: Si mdzukulu mayi, ndi mwana wa mlongo wanga. Sindinakalambe choncho.

Mbewe wa ku Dedza: Kkkkk. Koma mayina a mabwana aja ndiye tikuwafuna, madala. Tiuzeniko limodzi lokha.

Bambo a Tadala: Inu za kudambwe munatiuza?

Yamikani (Cosmo City): Hahaha wagwidwa Mbewe! Koma kunena mosaseka, pa chikondwerero cha 6 July chaka chino bwanji tipange kathu? Bambo a Tadala atipatse nkhani, aPhiri alembe, ine ndikhala dona, wigi tibwereka kwa Anabanda.

Nabanda wa saluni: Wigi ndi R50 patsiku, ndipo ibwere yosanunkha thukuta.

Che Jafali (Mayfair): Diresi la dona ndisoka ine. Koma mukaikamo Myao wolakwitsa Chichewa, ndilisoka lothina.

aPhiri a ku Rosettenville: Ndilemba, koma m'chilankhulo chanji? Ana obadwira kuno Chichewa chozama sachimva, a Nyagondwe afuna Chitumbuka chimvekemo, ndipo dona sangayankhule Chichewa.

Mada wa Uber: Ndabwerako. Ndaphonya chiyani? Mauthenga 40, sindiwerenga onsewa.

Bambo a Tadala: Chisomo, akadzapanganso anyamata aja undiuze, tiketi yanga ndidzalipira ndekha. Koma iwe udzakhale mzere wina.

Kondwani (woyang'anira gulu): Za 6 July tidzakambirana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Pakadali pano anthu 11 simunapereke ya mwezi uno ya thumba la maliro, ndipo mayina ndiwaika pano mawa 8 koloko.